Kwawo kwa Afilisti

Chisoti changa chankhondo chinali chigubu cha mafuta ophikira chodulidwa pakati. Aphunzitsi a Sande sukulu anachidula ndi mpeni wotenthetsa pamoto, n'kuchiboola mbali ziwiri, n'kulowetsamo luzi loti ndizimanga kunsi kwa chibwano. Anachitsuka ndithu, koma fungo la mafuta silinachoke, moti dzuwa la Okutobala likachiwomba, thukuta linkatsikira m'maso mwanga likununkhira mandasi. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndikavala chimenecho ndinkakhala Mfilisti.

Tinafika kumudzi kwa bambo anga, kufupi ndi Phwezi, m'mwezi wa Ogasiti, kudzawaika m'manda. Bambo ankaphunzitsa ku Dowa, kumene ine ndinabadwira, ndipo kumpoto tinkangopitako mwa apo ndi apo. Amayi ndi a ku Ntchisi. Maliro atatha anthu anabalalika, koma ife tinatsala, chifukwa mwambo unati namfedwa akhale pamudzi pa mwamuna wake mpaka tsiku lomusudzula. Tsikulo analiika kuseri kwa Khrisimasi, kuti amalume anga adzakhale atafika kuchokera ku Ntchisi.

Palibe anandiuza chimene chidzachitike pa tsikulo, koma mwana ali ndi makutu. Ndinazimva kwa azakhali, alongo awo a bambo, amene kumeneko timawaitana kuti ankhazi. Ankasenda chinangwa ndi mnzawo kuseri kwa nkhokwe, akulankhula Chitumbuka poganiza kuti sindikumva, ndipo ndinatolapo mawu atatu okha: ng'ombe, mwana, ndi kukaya, ndiye kuti kumudzi. Nditawafunsa amayi, anandiuza mosapsatira. Akwawo kwa bambo anapereka ng'ombe powakwatira, ndiye kumeneko amati mwana ndi wa kuchimuna. Akadzasudzulidwa, iwo adzabwerera ku Ntchisi, koma ine akwawo kwa bambo akufuna nditsale. Kwawo kwa amayi mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume ankabwera kudzanena zimenezo.

"Ndiye ine ndine wa ndani?" ndinafunsa.

Amayi anati ndikatunge madzi.

Ndinali mwana mmodzi yekha. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatsata amayi kulikonse, ngakhale kubafa ndinkakawadikira pakhomo. Ndinkachita mantha, ndipo mantha amenewo ndiwo ndimakumbukira kuposa china chilichonse m'chilimwe chimenecho.

Sewero la Davide ndi Goliati analikonzera tsiku la Khrisimasi. Aphunzitsi anali mtsikana wamtima wabwino koma wa phuma, ndipo anagawa mbali mwachangu. Mawu onse a sewerolo anali a m'Chitumbuka, ndiye anati amene lilime lawo limapunthwa pa Chitumbuka akhale Afilisti, popeza ntchito yawo inali kukuwa ndi kuthawa basi. Tinapezeka asanu ndi mmodzi: ine, ana atatu a alangizi a zaulimi ochokera ku Thyolo, ndi mapasa a wapolisi wina. Goliati yekha ndiye anali mwana wa pamudzi, chifukwa anali ndi mawu oti anene asanagwe. Lero nanenso ndine mphunzitsi, ndipo aphunzitsi aja sindiwaimba mlandu kwenikweni. Ndachitapo zoipa kuposa zimenezo pothamangira belu.

Koma dzina likatuluka m'tchalitchi silibwereranso. Pamjigo ankati, "Mfilisti, bwerera kumbuyo kwa mzere." Kusukulu ndikalakwitsa liwu, kalasi yonse inkakuwa kukuwa kwathu kwa m'sewero kuja. Zimenezo ndinkapirira, mwina n'kubwezako mwala umodzi. Chimene chinandiwawa n'chakuti tsiku lina kuchigayo ndinamva amayi awiri akufunsana kuti Afilisti aja achoka liti, ndipo ankanena amayi anga. Ankhazi sanatchulepo dzinalo, iwo anali ndi njira yawo. Ankawagawira amayi ndiwo mwaulemu wonse n'kunena m'Chichewa chosalala kuti, "Kwanu n'kwanu, alamu, m'thengo mudalaka njoka."

Tinkayeserera Loweruka masana pabwalo la tchalitchi. Mwala wa Davide unali bango laliwisi lothyola mumtengo wa mango, ndipo likangomugunda Goliati pamphumi, ife tinkayenera kuliyatsa liwiro. Tsiku loyamba tinamwazikana, wina kuchimbudzi, wina m'mabulugamu, mapasa aja mpaka kumsewu. Aphunzitsi anawomba m'manja mokwiya.

"Thawirani kumodzi! Thawirani kwanu!"

Ine ndinaima pakati pa bwalo, chigubu chitapendekeka.

"Aphunzitsi, kwathu n'kuti?"

Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti. Mwina munali kamwano pang'ono m'funsolo, sindikana, koma ndinkafunadi kudziwa. Aphunzitsi anatsegula Baibulo lawo, anatembenuza masamba uku ndi uku, kenako anachita chinthu chimene ndimawalemekeza nacho mpaka pano. Anati sakudziwa. "Kafunse asekuru ako," anatero. "Buku ili amalidziwa ngati munda wawo."

Asekuru, ndiye kuti agogo aamuna, bambo awo a bambo anga, anali mphunzitsi wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo. Anaphunzira ku Khondowe ali mnyamata, ndipo ankavala tayi ngakhale tsiku loti sakupita kulikonse. Chimwalirireni mwana wawo ankangokhala pakhonde, wailesi ili pambali yosatsegula, akuyang'ana mapiri. Ndinkawaopa. Chichewa chawo chinali cha m'mabuku, chokwera ndi kutsika ngati Chitumbuka, ndipo chifikireni changa anali asanandiuzepo mawu opitirira moni. Ndinkadziwanso kuti pa tsiku losudzula lija mawu omaliza adzakhala awo. Panapita masiku atatu ndisanalimbe mtima.

Nditagwada n'kufunsa, anayankha osandiyang'ana, ngati akuyankha mayeso. Anati tsiku limene Goliati anagwa, Afilisti anathawira ku Gati ndi ku Ekroni, mizinda yawo ya kufupi ndi nyanja. Ndinathokoza, ndipo ndinali nditadzuka kale pamene anawonjezera kuti, "Koma kumenekonso anali obwera." Kenako anandituma kuchipinda kwawo kukatenga Mabaibulo awiri, la Chitumbuka ndi la Chingerezi.

Sukulu yathu ya pakhonde inayamba choncho. Tsiku lililonse ndikaweruka, n'kumaliza kuthandiza ankhazi kuthirira nazale ya fodya, ndinkasamba m'manja n'kukakhala pamkeka. Mabuku awo ankanunkha utsi ndi mankhwala a njenjete, ndipo masamba ake anali opyapyala moti chala chinkaonekera kuseri. Asekuru sankadziwa kucheza ndi mwana, ankangodziwa kuphunzitsa. Ankawerenga, n'kumasulira, n'kundiuza kuti ndiimirire ndibwereze. Nowa anabala Hamu. Hamu anabala Miziraimu, amene ndiye Iguputo. Kwa Miziraimu kunachokera mitundu ingapo, umodzi mwa iyo Akasiluhi, ndipo kwa amenewo ndiko kunatuluka Afilisti. Ndikaphonya dzina limodzi ankagogoda mpando ndi rula, n'kuyambiranso kwa Nowa.

Ine ndinkaganiza kuti Afilisti anangomera ngati bowa kuti Davide apeze wowagenda. Kumva kuti anali ndi agogo, ndiponso kuti agogo awowo analembedwa tsamba limodzi ndi agogo a wina aliyense, kunandisangalatsa kuposa mmene ndinganenere. Asekuru anandionetsanso kuti mwana woyamba wa Hamu anali Kusi, amene aphunzitsi awo a ku Khondowe ankati ndiye kholo la anthu akuda.

"Ndiye Afilisti ndi abale athu?"

"Patsamba ili, eya," anatero. "Ana a kwa Miziraimu, mng'ono wake wa Kusi."

Kenako anandichenjeza kuti ndisakazilalike pamjigo. Ndinakazilalika mawa lake lomwe.

Tsiku limene ndimalikumbukira bwino kwambiri mvula yoyamba inali itagwa m'mawa. Bwalo lonse linkanunkhira dothi lonyowa, nkhuku zikuthamangitsa inswa. Asekuru anatsegula buku la mneneri Amosi, chakumapeto kwake, anawerenga chamumtima, kenako anawerenganso. Atamasulira, tanthauzo lake linali lakuti Mulungu ankachenjeza Aisraeli kuti asadzitame, pakuti Iye amene anawatulutsa ku Iguputo ndi yemweyo anatulutsa Afilisti ku Kafitori.

Ndinadumpha pamkeka. Mulungu yemweyu? Anawatsogolera nawonso? Asekuru anati zalembedwa choncho. Anati tsamba limenelo analiwerenga kambirimbiri, analalikirapo ndithu, koma maso awo ankangoima pa Aisraeli. Anatsegula mapu a kumapeto kwa Baibulo la Chingerezi n'kuika chikhadabo chawo pa kachilumba kakatali pakati pa nyanja yobiriwira. Anati ophunzira ambiri amaganiza kuti Kafitori ndi pamenepo, pa Kerete. Ine chilumba ndinali ndisanachionepo. "Ngati Likoma," anatero, "koma chachikulu chomene." Anawonjezera kuti ngakhale makolo athu enieni sanamere m'chigwa chimene tinkakhalamocho, anachita kuwoloka nyanja, ndipo amene anawapeza anawapatsa malo.

Koma mutu wanga unakakamira pena. Sabata yathayo anandigogodera rula kuti Afilisti anachokera kwa Akasiluhi a ku Iguputo, lero akuti ku Kafitori, pakati pa madzi. Ndinawafunsa kuti zoona ndi ziti. Anati funso limenelo lazunguza anthu a madigiri, ndipo mpaka pano sanagwirizane. Ine, posadziwa kuti ndi funso lovuta, ndinaliyankha.

"Kapena kwina n'kwa amayi awo, kwina n'kwa bambo awo."

Ndawerengako pang'ono chikulireni, ndipo ndikudziwa kuti palibe wophunzira angandipatse malikisi pa yankho limenelo. Koma asekuru sanagogode mpando. Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya tayi nthawi yaitali, n'kutseka mabuku onse awiri. Anati lero zatha. Ndinachoka ndikuganiza kuti ndawalakwira, ndipo ndinadya mosakondwa.

Mawa lake sanatsegule kwa Amosi. Anatsegula tsamba loyamba lenileni la Baibulo la Chitumbuka, pamene panali mtengo wa banja lathu, wojambulidwa ndi rula. Mayina a amuna ankatsika mwadongosolo kuchokera pamwamba. Dzina la bambo linali ndi kamtanda ka inki yatsopano, ndipo langa linali kunsi kwake. Pambali pa dzina la bambo panali dzina la amayi m'zilembo zing'onozing'ono, ndi mawu akuti wa ku Ntchisi. Pamwamba pa dzina la amayi panalibe mzere uliwonse.

"Kayitane amama ako," anatero.

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Kumeneko mkamwana, mkazi wa mwana wako, sakhala pafupi ndi apongozi ake aamuna. Amagwada patali, atayang'ana kumbali, ndipo nkhani zimadzera mwa anthu ena. Kwa zaka zonse za ukwati wawo, amayi anali asanalankhulepo ndi asekuru mawu opitirira moni ndi yewo. Anabwera akupukuta manja pachitenje, nkhope ili gwa ndi mantha, n'kugwada kutali pafupi ndi mtondo. Asekuru anawapempha kuti asendere. Anasendera pang'ono chabe.

"Mkamwana, anakubalani ndani?"

Amayi anatchula bambo awo, ndipo asekuru analemba n'kujambula mzere wokwera. Atafunsa za bambo wa bambo awowo, amayi anati dzina lokha amalidziwa, kupitirira apo ayi. Asekuru anadabwa poyera. Amayi anayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Kwathu timawerenga bele, adada." Anafotokoza kuti mzere wawo umatsata akazi, mayi, mayi wa mayi, mpaka kumtunda. Asekuru anayang'ana rula yawo ngati yawapusitsa, kenako anati, "Yambani."

Amayi anayamba. Anatchula amayi awo, amene anali moyo ndipo ankalima mtedza. Anatchula agogo awo oumba mbiya, amene mitsuko yawo inkakagulidwa mpaka ku Nkhotakota. Anatchula mayi wa agogowo, amene anabala mapasa kawiri n'kuwalera onse anayi, ndi winanso wa kumtunda kwake, amene anafika ku Ntchisi nthawi ya njala atasenza mbewu m'chikho. Dzina lililonse linkabwera ndi nkhani yake, ndipo mawu a amayi ankakwera pang'onopang'ono mpaka anaseka pofotokoza za ukali wa woumba mbiya uja. Kunali kuseka kwawo koyamba chichitikireni maliro. Malo patsamba anatha, asekuru anatembenuzira ku pepala loyera la kumapeto kwa buku n'kupitiriza. Ankhazi anaima pakhomo la khitchini ndi lichero m'manja, kukamwa kuli yasa. Pomaliza asekuru anapemerera inki kuti iume.

"Yewo chomene, mkamwana," anatero. "Ndinachedwa kufunsa."

Za tsiku losudzula sananenepo kanthu, ndipo mantha anga sanathe. Koma amayi anayamba kuwabweretsera okha tiyi wa m'mawa, osatumanso ine.

Aphunzitsi nditawafotokozera zonse zimene ndinaphunzira, anamvetsera atagwira chibwano, n'kunena kuti Afilisti nawonso apatsidwe mawu. Choncho pa Khrisimasi, tchalitchi chitadzaza mpaka m'mawindo, ndinatuluka kutsogolo nkhondo isanayambe.  Ndinanena m'Chichewa changa cha ku Dowa kuti ife ndife Afilisti, zidzukulu za Nowa kudzera mwa Hamu ndi Miziraimu, ndipo Mulungu anatitulutsa ku Kafitori monga anatulutsira anzathuwa ku Iguputo.  Kenako mayi wina wokalamba kumbuyo analuluta, mwina poganiza kuti sewero latha, ndipo anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Nkhondoyo tinagonjabe, pakuti Baibulo silisintha chifukwa cha mwana wolira. Bango litamugunda Goliati tinathawira kumodzi m'mabulugamu, mapasa a wapolisi akukuwa kuti, "Ku Kafitori! Ku Kafitori!" Titatuluka asekuru anandiitana pakati pa akulu anzawo n'kunena kuti ndalankhula bwino, koma ndikawauze anzangawo kuti kunali ku Gati.

Amalume anafika tsiku lotsatira atavala jekete lobwereka, ndi miyambi yambiri imene anabwera akuiloweza m'basi. Mwambo unachitika m'mawa, pansi pa mtengo wa mango. Ife ana anatithamangitsa, ndipo ine anandituma kukaingitsa mbuzi ku chimanga chongomera. Ndinakhala pachulu ndikuthyolathyola udzu. Zimene zinanenedwa ndinazimva pambuyo pake kwa amalume, amene anali okhumudwa pang'ono kuti miyambi yawo yabwerera yosagwiritsa ntchito.

Akuti ankhazi analankhula za ng'ombe ndi za magazi, kenako anayamba kulira. Nthawi imeneyo ndinkawada. Ndinadziwa nditakula kuti ndiwo anawabereka bambo kumbuyo ali khanda, ndipo sindiwadanso. Amalume atakonza kukhosi kuti ayambe, asekuru anakweza dzanja. Anati mwanayu ali ndi kwawo kuwiri, ndipo konse n'kwawo kwenikweni, pakuti konse kuwiri kunalembedwa m'buku limodzi. Anati mwanayu wataya bambo ake mu Ogasiti mwa kufuna kwa Mulungu, ndiye sadzataya amayi ake mu Disembala mwa kufuna kwa agogo ake. Apite ndi amayi ake, koma holide iliyonse azibwera, kuti asaiwale njira.

Pangano limenelo linasungidwa. Amayi ankandikweza basi chaka ndi chaka, ngakhale chaka choti mtedza sunabereke. Chitumbuka ndinachiphunzira mpaka kulotera, ankhazi ndi amene anadzandilangiza za ukwati, ndipo lero ndimaphunzitsa kuno ku Rumphi, m'nyumba imene ndinamanga pamalo a bambo anga. Ana a m'kalasi mwanga obwera kuchokera ku Zomba kapena ku Dedza ndimawapatsa mbali zolankhula, ngakhale apunthwe.

Koma m'mawa wa tsiku lonyamuka zonsezi sindinkazidziwa, ndipo sindinkasamala. Asekuru anatiperekeza mpaka kumsewu waukulu, atanyamula okha chikwama changa, akukana kuti amalume awalandire. Ine ndinkadumphadumpha patsogolo ndikulumpha zithaphwi, ndikuwafotokozera za agogo a ku Ntchisi, za mtedza wowiritsa, za asuweni anga amene akandilandire. Ankangovomera kuti eya, eya. Titafika pamsewu ndinawagwira dzanja n'kuwauza mokondwa kuti, "Asekuru, tapambana!"

"Eya, mwana wane," anatero. "Mwapambana."

Basi itaima ndinathamanga kukalanda mpando wa pawindo, osatsanzika n'komwe. Amayi sanakwere msanga. Anagwada m'matope a m'mbali mwa msewu, pamapazi penipeni pa asekuru, n'kukhala pamenepo kondakitala akumenya chitseko ndi kukuwa. Ine ndinapsa mtima. Ndinkagogoda galasi kuti afulumire, ndikudabwa kuti akulirira chiyani pamene zonse zatiyendera bwino, ndiponso kuti asekuru akuyang'aniranji mapiri m'malo moyang'ana ine amene ndinkawabayibitsa ndi manja onse awiri. Ndinkayesa kuti mlandu ukatha bwino ndiye kuti aliyense wapeza chake. Sindinkadziwa kuti mwana wawo anawasiyira ine ndekha, ndipo kuti m'mawa umenewo anandinyamulira chikwama ndi manja awo n'kundipereka.